Nkhani za pa Wailesi ya Kanema: Kodi Mwini Wake Ndani?

Lero tipereka moni wapadera kwa inu a ku Linda, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, ndiponso kwa anzanu a ku Kanyama, ku Chawama, ku George, ku Matero, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga. Phunziro lathu ndi la wailesi ya kanema, makamaka nkhani zimene zimawerengedwa madzulo. Cherani khutu bwino, pakuti pamapeto tidzakupatsani nchito yoti mukacite m'kalasi.

Nthawi ikakwana 7 koloko madzulo, ngati magetsi alipo, m'nyumba zambiri za m'komboni mumakhala bata. Atate amati, "Khalani cete, timve nkhani." Pagalasi pamaoneka munthu wobvala bwino, wolankhula mosadodoma, ndipo zimene wanena mawa lake zimakambidwa pamsika, pampopi ndi m'minibasi. Wina akatsutsa, mnzake amayankha kuti, "Ndinaona ndi maso anga pa TV," ndipo mkangano umathera pomwepo.

Makolo athu anasiya mwambi wakuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa." Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene atuma mnzake kukamva mlandu m'malo mwake, kawiri-kawiri amalandira nkhani yosakwanira kapena yopotoka. Tsono ife tonse amene timaonera nkhani tinatuma akandimverere. Sitingathe kupita tokha ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, kapena ku migodi ya ku Solwezi, kapena ku Cairo. Comweco ndi bwino kuti timdziwe mthenga wathuyo: anamlemba nchito ndani, ndipo amamlipira ndani?

M'mene nkhani zimakonzedwera

Pa tsiku limodzi m'Zambia muno mumacitika zinthu zosawerengeka. Ana amabadwa, misonkhano imacitika, mitengo ya ufa imasintha, milandu imaweruzidwa. Koma nthawi ya nkhani ndi yocepa, mwina theka la ola kapena ola limodzi. Motero payenera kukhala munthu wosankha. Mtolankhani ndi wojambula amapita kumene atumidwa. Akabwerako amapereka mau ndi zithunzi kwa mkonzi. Mkonzi ndiye amadula, nanena kuti, "Iyi iyambe, iyi itsirize, iyi itayidwe." Kusankha pakokha si kulakwa ai, cifukwa popanda kusankha nkhani sizingathe kuwerengedwa. Kulakwa kumabwera pamene wosankhayo apendekera mbali imodzi masiku onse. Kumeneko ndiko timati kukondera.

Tiyeni tiyerekeze. Mvula yagwa usiku wonse ku Linda, ndipo madzi alowa m'nyumba zingapo. M'mawa mwake kwabwera nduna ya boma ndi matumba a ufa. Nyumba zitatu za wailesi ya kanema zatumiza atolankhani ao. Yoyamba yaonetsa nduna ikupereka ufa, amai akululutira, ndipo yati boma lathandiza msanga. Yaciwiri yaonetsa mai wina akulira pafupi ndi ngalande yotsekeka, ndipo yati boma linanyalanyaza anthu kwa zaka zambiri. Yacitatu, ya kunja, yaonetsa madzi akuda kwa kamphindi kocepa, osachula ngakhale dzina la komboniyo. Kodi ndi iti yanama? Palibe. Ufa unaperekedwadi, mai uja analiradi, madzi anali akudadi. Koma iliyonse yatenga cidutswa cimene yafuna, ndipo mwina palibe ngakhale imodzi imene yaonetsa anyamata amene anacezera usiku kutsegula ngalande ndi mafosholo.

Pa citsanzo cimeneci mwaona kuti munthu angathe kukondera popanda kunena bodza. Njira zake zazikulu ndi zinai. Yoyamba ndi kusiya nkhani ina osaichula konse. Yaciwiri ndi kagawidwe ka nthawi: wina apatsidwa mphindi zisanu poyambirira, mnzake apatsidwa masekondi makumi awiri kumapeto. Yacitatu ndi mau: anthu amodzi-modziwo wina angawache "nzika zodandaula", wina nkuwacha "gulu losokoneza". Yacinai ndi zithunzi: msonkhano ukajambulidwa pafupi umaoneka wodzaza, ukajambulidwa patali mipando yopanda anthu imaonekera.

Nanga mkonzi angakondere cifukwa ninji? Kumbukirani kuti iyenso ndi munthu wolembedwa nchito, ali ndi ana ofuna cakudya ndi mabuku. Pamwamba pake pali mwini wailesi. Ndipo wailesi imadya ndalama zambiri, zimene zimacokera ku boma, kapena kwa amalonda olengeza katundu wao, kapena kwa oonera amene amalipira mwezi ndi mwezi. Mwini wailesi safunika kufuula tsiku lililonse. Anchito ake amadziwa okha zimene iye akonda ndi zimene adana nazo.

Kumene tinacokera

Funso la umwini si lacilendo m'dziko lathu. Wailesi ya mau inayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. Mwini wake anali boma la atsamunda la Northern Rhodesia, ndipo cimodzi mwa zolinga zake cinali kuuza anthu za nkhondoyo monga momwe Britain anafunira kuti zimveke. M'caka ca 1949, mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya. Anthu anakakonda kwambiri cifukwa ca nyimbo za oimba monga Alick Nkhata ndi mapulogalamu a m'zinenero zathu. Koma pamene nkhani ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland inabvuta, cimene cinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda asakufuna, ambiri anayamba kuikayikira wailesiyo, poona kuti inali kulankhula mau a boma limene linali kuwakakamiza. Ngakhale aulutsi acikuda anabvutika ndi mphekesera zoipa m'makomboni. Apa tiphunzirapo kuti cikhulupiriro ca omvera cikatayika, cimabvuta kucibweza.

Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe m'caka ca 1961. Sinali ya boma, ndiponso sinali ya anthu a dziko lino. Inali ya kampani ya Rhodesia Television, imene likulu lake linali ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Oonera ake ambiri anali azungu a m'migodi, pakuti ndiwo anali ndi magetsi ndi ndalama zogulira makinawo. Cinenero cake cinali Cingerezi, ndipo mafilimu ake anali ocokera ku Britain ndi ku America. M'masiku amenewo Kenneth Kaunda, Harry Nkumbula ndi anzao anali pakati pa nkhondo yomenyera ufulu. Taganizirani nokha ngati wailesi yotere ikanatha kufotokoza nkhondo imeneyo monga momwe mwini komboni wa ku Matero anali kuionera.

Pambuyo pake wailesiyo inakhala m'manja mwa kampani ya Lonrho, yotsogozedwa ndi Tiny Rowland. Dzina lakuti Lonrho ndi cidule ca maina awiri, London ndi Rhodesia. Kampani yomweyo inagula nyuzipepa ya Northern News mu 1964, imene mu 1965 inasanduka Times of Zambia. Motero dziko linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, koma zina mwa zipangizo zazikulu zolankhulira kwa anthu zinali zikali za alendo. Atsogoleri athu sanakondwere nazo zimenezi. Pofika 1967 wailesi ya kanema inali m'manja mwa boma, pansi pa Zambia Broadcasting Services. Mu Juni 1975 Pulezidenti Kaunda analengeza kuti cipani ca UNIP citenga Times of Zambia. Bungwe la ZNBC limene mulidziwa lero linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Nyumba zake, za Mass Media Complex, zili pa mseu wa Alick Nkhata, pafupi ndi Kalingalinga.

Komabe kukhala ndi nyumba ya wailesi sikunathetse bvuto lonse. Zambia analibe ndalama zotumizira ojambula ku maiko onse. Zithunzi za nkhani za kunja zinali kugulidwa kwa makampani monga Visnews ya ku London, ndipo mau ake anali kucokera kwa Reuters wa ku Britain, AFP wa ku France, ndi AP ndi UPI a ku America. Ngakhale pamene siteshoni ya setilaiti ya ku Mwembeshi inatsegulidwa mu 1974, osankha zithunzizo anali omwewo. Cinthu cikacitika ku Tanzania kapena ku Ghana, kawiri-kawiri cinali kuyamba capita ku Ulaya, kukasankhidwa ndi kukonzedwa kumeneko, ndipo pambuyo pake ncomwe cinafika kwa ife. Mnansi anali kumva za mnansi wake kudzera mwa munthu wa kutsidya la nyanja. Maiko ambiri a mu Afirika ndi Asia anadandaula, ndipo mu 1980 bungwe la UNESCO linatulutsa lipoti la komiti yotsogozedwa ndi Seán MacBride wa ku Ireland, lonena za kusalingana kumeneku. Mu 1983 maiko a mu Afirika anatsegula bungwe lao lotola nkhani, la PANA, ku Dakar m'dziko la Senegal.

Kukondera kwa pakhomo

Tsono musaganize kuti mlendo yekha ndiye akondera. Kuyambira mu Disembala 1972 kufikira mu Disembala 1990, Zambia anali dziko la cipani cimodzi, ndipo wailesi ya kanema inali imodzi yokha. Nkhani zinali kuyamba ndi zimene Pulezidenti wanena, kutsatira za akulu-akulu a cipani ndi nduna. Munthu wa maganizo ena sanali kuoneka kawiri-kawiri. Mphamvu ya nyumba ya wailesi inaonekera poyera pa 30 Juni 1990, pamene msilikali wina, Mwamba Luchembe, analowa ku Mass Media Complex nalengeza kuti asilikali alanda boma. Kwa maola angapo anthu ambiri mu Lusaka anakhulupirira, cifukwa cakuti anamva pa wailesi. Zoterezi zinacitikanso pa 28 Okutobala 1997, pamene wolengezayo anadzicha Captain Solo. Onse awiri anathamangira kaye ku wailesi, podziwa kuti amene agwira colankhulira amamvedwa ndi dziko lonse.

Kumapeto kwa 1990 boma linalamula kuti nyuzipepa zake zisamalembe za gulu latsopano la MMD. Atsogoleri a gululo anapita ku khoti, ndipo Bwalo Lalikulu linagamula kuti lamulolo linali la tsankho. Maziko a cigamulo cimeneco ndi oyenera kuti mwana aliyense awadziwe: cinthu cimene ciyendetsedwa ndi cuma ca anthu onse ndi ca anthu onse, osati ca cipani colamula cokha.

Zipani zambiri zitabwerera mu 1991, nyumba za wailesi za anthu wamba zinayamba kutsegulidwa, ndipo mu 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la bungwe la IBA, loyang'anira mawailesi ndi kupereka zilolezo. Koma madandaulo sanathe. Pa masankho a 2016 ndi a 2021, oyang'anira masankho ocokera ku European Union analemba kuti ZNBC inapereka nthawi yoculuka kwa cipani colamula. Mu Ogasiti 2016 IBA inaimitsa zilolezo za Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Mu Epulo 2020 inalanda cilolezo ca Prime TV, imene inabwereranso mu Ogasiti 2021 boma litasintha. A boma la nthawiyo anati mawailesiwo anali kusokoneza mtendere kapena kuphwanya malamulo. Eni ake anati anali kulangidwa cifukwa copereka mpata kwa otsutsa. Dziwaninso kuti wailesi ya munthu wamba nayo ingathe kukondera, pakuti mwini wake angakhale ndi cipani cimene acikonda kapena malonda amene afuna kuwachinjiriza.

Alendo a masiku ano

Yang'anani pa madenga a nyumba za ku Linda. Mudzaona madishi ndi milongoti, ndipo m'nyumbamo muli kabokosi kochedwa dikoda. Kodi tinthu timeneti n'ta yani?

Ena ali ndi DStv kapena GOtv. Zimenezi ndi za kampani ya MultiChoice, imene inayambira ku South Africa. Inalowa m'Zambia pakati pa zaka za m'ma 1990 mogwirizana ndi ZNBC, imene inatenga gawo la umwini wa nthambi ya kuno. GOtv inayamba mu 2011. Mu Seputembala 2025 kampani ya Canal+ ya ku France inatenga ulamuliro wa MultiChoice. Motero dikoda ili pa thebulo lomwelo, koma mwini wake wamkulu anasintha, ndipo oonera ambiri sanadziwe.

Ena ali ndi TopStar. Mbiri yake ndi iyi. Maiko anagwirizana kuti pofika pa 17 Juni 2015 asiye kaulutsidwe kakale ndi kulowa m'kaulutsidwe ka dijito, kamene kamapereka zithunzi zowala ndi macanelo ambiri. Nchito imeneyi m'Zambia inafuna ndalama zokwana madola a ku America 273 miliyoni, ndipo zambiri mwa izo zinali nkhongole yocokera ku banki ya Exim ya ku China. Pofika 2017 panali patakhazikitsidwa kampani ya TopStar, m'mene StarTimes ya ku China inatenga magawo 60 pa 100 alionse, ndipo ZNBC inatenga magawo 40. Kampaniyo inapatsidwa nchito yonyamula zithunzi za mawailesi ena ndi kuzifikitsa m'nyumba za anthu, komanso inali kugulitsa macanelo ake-ake.

Kuti mumvetse cifukwa cake anthu ena anada nkhawa, ganizirani za mseu wa Kafue ndi maminibasi amene amayendamo. Mseu ndi wa onse. Koma bwanji ngati mwini wa maminibasi ena akhalanso mwini wa mseuwo, ndipo eni maminibasi enawo ayenera kumlipira kuti apite? Ngakhale atakhala munthu wabwino, anzakewo sangagone tulo. Ndico cimene eni mawailesi a anthu wamba anadandaula naco. Mu 2018 kunamveka mphekesera yakuti ZNBC yagulitsidwa kwa anthu a ku China, ndipo boma linakana. Coonadi ndi cakuti ZNBC siinagulitsidwe. Gawo lalikulu la mlendo linali m'kampani yonyamula zithunzi. Mwana wophunzira ayenera kusiyanitsa zinthu ziwirizi, kuti asakhale wofalitsa mphekesera.

Mkati mwa dikoda muli nyumba za nkhani za maiko ena, ndipo iliyonse ili ndi kwao. BBC ndi ya ku Britain. CNN inayambidwa ndi Ted Turner ku Atlanta mu 1980, ndipo ndi kampani ya malonda ya ku America. Al Jazeera inayamba mu 1996 ndi ndalama za boma la Qatar. France 24 ndi ya boma la France, ndipo CGTN ndi ya boma la China. Pa nkhani ya mpira zingathe kugwirizana. Koma pa nkhani ya nkhondo, ya nkhongole za Zambia kapena ya mkuwa wathu, musadabwe mukamva mau osiyana, pakuti iliyonse imayang'ana ili pakhomo pake.

Kodi tsono tidane ndi alendo? Iai. Akulu anati, "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa." Ndalama ndi luso la kunja zafikitsa zithunzi ku midzi kumene kale kunali mdima. Mwa pangano limene China analengeza ku Johannesburg mu 2015, midzi 500 ya m'Zambia inasankhidwa kuti ilandire wailesi ya kanema ya setilaiti. Ndiponso nthawi zina wailesi ya kunja imanena zimene ya pakhomo iopa kunena. Cimene tikuphunzitsa ndi cakuti mlendo ali ndi zofuna zake, monganso boma, amalonda ndi zipani ali ndi zao, ndipo woonera wanzeru amadziwa amene akulankhula naye.

Cifukwa cake nkhaniyi ikhudza inu

Mwina mwana wina afunsa kuti, "Ine ndili m'Giredi 6, sindibvota, nanga zimenezi zindikhudza bwanji?" Zikukhudzani m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi ya m'mene mudzionera nokha. Kumbukirani nthawi zimene komboni yanu inaonekera pa kanema. Kawiri-kawiri kamera imabwera kukakhala kolera, madzi osefukira, moto kapena cipolowe. Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo ziyenera kunenedwa. Koma mai amene amadzuka mbandakuca kukagula ndiwo ku Soweto Market kuti aphunzitse ana ake, kalipentala wopanga zitseko, mphunzitsi wa sukulu ya m'dera amene aphunzitsa kalasi lodzaza kufikira pakhomo, amenewa kamera siiwapeza. Mwana akamaona kwao pa galasi ngati malo a matenda okha-okha, angayambe kucita manyazi kuchula kumene akhala. Ameneyo wanamizidwa, ngakhale kuti zithunzi zonse zimene anaona zinali zoona.

Yaciwiri ndi ya moyo weni-weni. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka mu Lusaka, ndipo Kanyama inali pakati pa madera amene anabvutika kopambana, kotero kuti mu Januwale 2018 masukulu anacedwa kutsegulidwa. Matendawa anabweranso mu Okutobala 2023. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Pa nthawi yotere wailesi imalengeza kuti wiritsani madzi kapena ikanimo klorini, sambani m'manja ndi sopo, thamangitsirani wodwala ku cipatala msanga. Uthenga umenewu umapulumutsa anthu. Koma munthu amene anazolowera kunena kuti, "Za pa TV zonse n'zabodza," angathe kuunyoza, ndipo banja lake lingalowe m'tsoka. Comweco pali maenje awiri: kukhulupirira zonse, ndi kukana zonse. Njira yabwino ndiyo kufunsa mafunso ndi kuyeza mayankho ake.

Mafunso asanu

Tengani mapensulo, mulembe mafunso awa kumbuyo kwa kope lanu.

1. Kodi wailesi imeneyi mwini wake ndani, ndipo ndalama zake zicokera kuti?
2. Ndani walankhula m'nkhaniyi, ndipo wapatsidwa nthawi yotalika bwanji?
3. Ndani wachulidwa koma sanapatsidwe mpata woyankha?
4. Kodi cimene canenedwa ndi cinthu cocitika cimene tingacitsimikize, kapena ndi maganizo a munthu?
5. Kodi wailesi ina, kapena nyuzipepa, yainena bwanji nkhani yomweyi?

Mafunso amenewa agwiranso nchito pa timafilimu timene timayenda pa foni, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kumeneko n'kofunika kusamala koposa, cifukwa kawiri-kawiri kulibe mkonzi, ndipo mwini wake wa nkhani sadziwika.

Kwa aphunzitsi

Aphunzitsi, phunziro ili lingalowe m'nthawi ya Cinyanja kapena ya maphunziro a za cikhalidwe ca anthu, kuyambira Giredi 5 kufikira Giredi 7, ndipo silifuna ndalama. Nchito yoyamba: gawani kalasi m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lisankhe wailesi imodzi. Madzulo ana alembe nkhani zitatu zoyambirira, maina a maudindo a anthu amene alankhula, ndi dera limene nkhaniyo yacokera. Amene kwao kulibe wailesi ya kanema, kapena magetsi azima, amvere wailesi ya mau kapena akhale ndi mnzao wa pafupi, makolo atalola. M'mawa lembani zonse pa bolodi m'mizere itatu, ndipo ana aone okha pamene zagwirizana ndi pamene zasiyana. Citani zimenezi kwa mlungu wathunthu, pakuti tsiku limodzi silikwanira kuweruzira wailesi.

Nchito yaciwiri: sandutsani kalasi kukhala nyumba ya nkhani. Ana atole nkhani khumi za pasukulu ndi za m'dera, monga za madzi, za masewera, za munda wa sukulu ndi za ukhondo. Kenaka sankhani akonzi awiri kapena atatu, muwauze kuti nthawi ilola nkhani zinai zokha. Akasankha, afotokozere kalasi cifukwa cake ataya zisanu ndi imodzi zinazo. Amene nkhani zao zatayidwa adzadandaula, ndipo kudandaula kumeneko ndiko kudzawaphunzitsa msanga koposa mau athu onse. Pomaliza funsani kuti, "Bwanji ahedi akadakhala eni ake a wailesi yathuyi, kodi nkhani ya cimbudzi coonongeka ikadawerengedwa?"

Tikupemphani cinthu cimodzi. Pophunzitsa zimenezi musalowetse cipani canu m'kalasi. Ana amene akhala pamaso panu acokera m'mabanja a maganizo osiyana-siyana. Mukawauza kuti wailesi yakuti ndi ya abodza ndipo yakuti ndi ya oona, mwangowapatsa kandimverere wina. Apatseni mafunso, mayankho akapeze okha. Ndipo mafunsowo awafunsenso pa wailesi ino imene ikulankhula nanu, pakuti nayonso ili ndi mwini wake, ndipo mwa lamulo iyenera kutumikira anthu onse a m'Zambia.

Ana inu, pakati panu pali atolankhani, ojambula ndi akonzi a mtsogolo. Ena mwa inu mudzakhala ku Nyumba ya Malamulo, kumene kumagamulidwa za amene ayenera kukhala mwini wa wailesi m'dziko lino. Yambani lero kuzolowera kumva mbali zonse ziwiri musanaweruze, monga momwe nkhoswe yabwino imacitira pa mlandu wa banja. Madzulo ano, nkhani zikayamba, khalani ndi kope ndi pensulo, ndipo mawa mukaonetse aphunzitsi anu zimene mwalemba.